Kansalu Kopukutira Mbale

Dzina loti Kazembe sanachite kubadwa nalo. Anawapatsa ndi anzawo ochokera kumudzi amene ankakhala nawo m'dziko la eni lija, chifukwa munthu akangotsika ndege, asanadziwe n'komwe pokwerera basi, a Kazembe amakhala atamupeza kale n'kumukhazika pansi kuti amuphunzitse anthu a kuno.

"Chinenero musade nacho nkhawa, chimabwera chokha," ankatero atasanjikiza miyendo. "Chovuta ndi thupi. Anthu a kuno amalankhula ndi mapewa. Munthu akakumwetulira m'basi, si kuti akufuna chibale, akukuuza kuti usendereko. Akakuyang'ana m'maso, nawe umuyang'ane, osagwetsa nkhope ngati waba nkhuku. Popereka moni, dzanja ugwire kamodzi n'kulisiya. Si lako."

Anzawowo anapereka dzinalo moseka. Eni ake analilandira ndi manja awiri.

Tisawanamizire, zambiri ankazidziwadi. Ngakhale chibwenzi chawo chinayamba choncho. Anapita kukapimitsa maso pa sitolo ina ya magalasi, ndipo mayi wogwira ntchito pamenepo, mbadwa ya dzikolo, anawagwira chibwano kuti awongole mutu, n'kuchedwa pang'ono kuchotsa dzanja. A Kazembe anatuluka m'sitolomo ali ndi magalasi atsopano komanso chitsimikizo choti akondedwa. Tsoka lake, analondola. Kuyambira pamenepo panalibenso munthu woti n'kuwauza kanthu.

Anzawo anamutcha mayiyo Namagalasi. Anali munthu wa zaka zake, woseka ndi maso, ndipo ankakhala ndi bambo ake okalamba amene anafedwa mkazi. Ukwati anavomera, koma anaikapo mawu amodzi.

"Ndikwatiwa ndi munthu amene bambo amulowetsa m'nyumba. Sindingawasiye okha, ndipo sindingawabweretsere mlendo woti azimupirira mpaka imfa."

"Basi zomwezo?" anatero a Kazembe. "Kulowa m'nyumba ndiye ntchito yanga."

* * *

Lamlungu lililonse masana ankavala jekete ndi tayi n'kukagogoda pa khomo la kumaso. Bambo aja ankatsegula okha, kupereka dzanja kamodzi, n'kuwalozera mpando waukulu wa pa balaza, wokhala ndi kansalu koluka pamsana. Kenako ankatsegula kabati ya galasi n'kutulutsa kapu ya mkombero wagolide. A Kazembe ankamwa tiyi chala chaching'ono chitaimirira. Bambowo sankalankhula zambiri. Ankafunsa za nyengo, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

Panalinso mnyamata wamkulu wa nyumba yoyandikana nayo, wokonza mapaipi, amene anakulira limodzi ndi Namagalasi ndipo anamufunsirapo n'kukanidwa. Wamapaipi ameneyu ankalowera khomo la kuseri osagogoda. Tiyi ankamwera chiimire m'kapu yobenthuka pakamwa. Akatha kudya, amene ankapukuta mbale ndi iye, amene ankatulutsa zinyalala ndi iye.

A Kazembe ankamumvera chisoni, chisoni chokoma chija chimene munthu amamvera mnzake amene wamupambana.

Nkhani imeneyi anaifikitsa kwa achemwali awo aakulu, amene anawalera makolo atamwalira. Achemwaliwo anali atabwera m'dzikomo kudzaona mdzukulu wobadwa kumene mu mzinda wina wapafupi, ndipo za mkazi wachilendoyu sanazikonde chiyambire.

"Achemwali, mukanaona mmene amandilandirira," anatero pa foni. "Mpando wa mwini nyumba. Kapu yagolide. Mnzanga uja amene ankalimbirana nane, amamutuma ngati wantchito."

"Iwe, akazi onse a kwathu aja anatha?"

"Sanathe, koma mtima wasankha."

"Mtima wako unasankhaponso njinga yamoto ija inakuthyola mwendo. Unditumizire kumene kuli nyumbayo. Ndidzabwera ndidzaone ndekha."

"Liti, kuti akonzeke?"

"Ndiye chimene sindikuuza. Ndikufuna ndidzapeze mmene zimakhalira tsiku lililonse. Ndikadzaona kuti akukupeputsa, mwana wa mayi anga, ukwati umenewu ine sindidzaimapo."

A Kazembe anatumiza keyala, n'kuwonjezapo chithunzi cha mpando uja.

* * *

Loweruka lina anakhala pa benchi m'paki, Namagalasi akusenda lalanje.

"Pali zina za kunyumba kwathu zoti ndikuuze," anatero. "Bambo ali ndi kachitidwe kawo."

"Mayi, inu kundiuza ine za anthu a kuno?"

"Sindikunena anthu a kuno. Ndikunena bambo anga."

"Bambo anu ndinawawerenga tsiku loyamba. Akayang'ana wotchi, akudandaula kuti nthawi ikuthamanga tisanakhute kucheza. Akakanda khutu, agwirizana ndi mfundo yanga."

"Akakanda khutu, khutu likuyabwa."

"Mukuona? Munthu amene ali pafupi kwambiri ndi chinthu sachiona bwino. Inuyo a magalasi muyenera kudziwa zimenezi."

Namagalasi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawalowetsa chibenthu cha lalanje m'kamwa. A Kazembe anawerenga kuti chimenechi ndi chikondi. Mwina chinali. Chinalinso njira yokhayo yowatsekera pakamwa.

"Chabwino, a Kazembe," anatero. "Mawa ungotsegula maso. Dzulo ndawaona bambo akuchapa tinsalu tonse ta kukhitchini."

"Ukhondo ndi chinthu chabwino," anayankha ali ndi lalanje m'kamwa.

* * *

Tsikulo chakudya chitatha, bambo aja sanabwerere ku balaza monga mwa nthawi zonse. Anaima pa khomo la khitchini, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Wamapaipi anali kale pa sinki akutsegula madzi. Namagalasi anaima pambali atanyamula mbale, maso ali pa kansaluko.

Bambowo anayang'ana a Kazembe kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. Anachotsa kansalu paphewa, n'kukaponya.

Kanauluka kudutsa tebulo n'kudzatera pachifuwa pa a Kazembe, phwa, kenako n'kugwera pamiyendo.

Zaka zonse zimene a Kazembe anakhala m'dzikomo zinasungunuka nthawi yomweyo. Amene anatsala pa mpandopo anali mwana wa kwawo, kumene chinthu amachita kukupatsa m'manja, ndipo choponya amaponyera galu. Makutu awo anatentha. Ine? Pamaso pa mkazi amene ndikufuna kukwatira? Pamaso pa wa mapaipi? Kundiponyera sanza?

Koma anali Kazembe, ndipo kazembe sakalipa. Anaganiza mofulumira, n'kupeza tanthauzo: akundiyesa ngati ndili ndi ulemu wanga. Anatola kansaluko. Anakapinda kawiri, mwaudongo, makona onse kulingana. Anaimirira, n'kupita nako kwa bambo aja, n'kukapereka ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono.

"Mwagwetsa, bambo," anatero mofatsa.

Kenako anakakhala pa mpando wawo waukulu n'kusanjikiza miyendo.

Madzi okha ndiwo ankamveka ku sinki. Bambo aja anayang'ana kansalu kopindidwako ngati kalata ya maliro. Anakabwezera paphewa. Anatsegula kabati ya galasi, n'kutulutsa kapu yagolide, ndipo ulendo uno anaika ndi kambale kake komwe, ndi supuni yake yaing'ono. Anathira tiyi mosamala, n'kuweramitsa mutu pang'ono popereka.

A Kazembe anamwetulira. Ulemu wawonjezeka. Anayang'ana Namagalasi kuti agawane naye chipambanocho, koma anangoona msana wake ukulowa kukhitchini.

Potsanzikana Namagalasi sanawaperekeze mpaka pa geti.

* * *

Pa siteji ya basi anapezedwa ndi Wamapaipi, amene ankabwera akuimba mluzi, manja ali m'thumba. Sankadikira basi. Nyumba yake inali pomwepo.

"Bwana mlendo," anatero. "Tiyi anakoma?"

"Kwambiri. Pepani kuti inu mumamwera chiimire."

"Ine ndinazolowera. Kapu yobenthuka ija ndi yanga chiyambire ndili mwana. Ndinaibenthula ndi ine." Anakhala pa benchi n'kutambasula miyendo. "Ndabwera kudzathokoza. Ndinali nditataya mtima. Nditaona mdala akuchapa tinsalu dzana, ndinati basi, zanga zada."

"Sindikumva."

"Ndikudziwa kuti simukumva, n'chifukwa chake ndikuthokoza. Mpando mumakhala uja mukudziwa amene amakhalapo? Wa inshuwalansi. Wa boma wowerenga mita. Mkulu uja anabwera kudzayeza bokosi la malemu mayi a m'nyumbamo, naye anamwera kapu yagolide yomwe ija. Balaza ndi la anthu amene tikudikira kuti achoke."

A Kazembe anakonza tayi, ngakhale inali yowongoka.

"M'nyumba muja," Wamapaipi anapitiriza, "wa pakhomo ndi amene wagwira kansalu. Mdala uja mawu alibe. Mkazi wake anamufunsira pomupatsira nyundo kuti amugwirire. Lero wakuuzani pamaso pa tonse kuti lowa, mwana wanga. Inu mwapinda bwinobwino n'kumubwezera. Ndi bondo lomwe! Ine zaka zonsezi sindinaonepo munthu akukana mkazi mwaulemu chotero."

Basi inafika. A Kazembe anakwera. Mayi wina anawamwetulira, iwo anasendera mpaka kukanirira ku zenera.

* * *

M'mawa mwake anatumiza uthenga. "Wadzuka bwanji, duwa langa?"

Unawerengedwa. Sunayankhidwe.

Masana anatumiza wina. "Pakuoneka kuti pachitika kusamvana kwakung'ono pakati pa mayiko awiri."

Unawerengedwa.

Madzulo dzuwa lisanalowe analemba wautali wofotokoza mbiri ya kaperekedwe ka zinthu kwawo, n'kuufufuta. Analemba wina wodzudzula Wamapaipi, n'kuufufutanso. Pomaliza analemba mawu amene chala chawo chinali chisanalembepo chifikireni m'dziko lija: "Sindinadziwe. Ndiphunzitse."

Foni inalira nthawi yomweyo.

"Bwereza," anatero Namagalasi.

"Wawerenga kale."

"Ndikufuna ndimve ndi khutu. Mwina foni yako yabedwa."

"Sindinadziwe," anatero a Kazembe, mawu akutuluka ngati dzino lozulidwa. "Koma nawenso umve mbali yanga. Kwathu munthu saponyeredwa chinthu. Ngakhale mwana, ngakhale wamisala. Ukaponyera munthu, wamuuza kuti si munthu. Pamene kansalu kaja kanandigwera, ndinamva ngati andivula pa msika."



"Zimenezo sunandiuzepo," anatero Namagalasi, mawu atafewa.

"Sunandifunse."

"Ndikanafunsa nthawi yanji? Iwe umakhala uli kalikiliki kundifotokozera za anthu a kwathu kuno." Anapuma. "Ndiye makiyi aja ndinakuponyera tsiku lija pa sitolo?"

"Ndinakhululuka."

"Mwamuna iwe! Unakhala chete sabata yonse, ine kumati wadwala m'mimba."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa Namagalasi kunatha msanga.

"Tamvera. Bambo sanadye dzulo madzulo. Akuti wasankha kukhala mlendo, ndipo mlendo salandidwa mpando wake. Akuti ndiwe munthu waulemu kwambiri. Bambo akanena kuti munthu ndi waulemu kwambiri, ndiye kuti zake zatha."

"Ukawafotokozere."

"Ndayesa. Akuti kufotokoza ndi kwa anthu ogulitsa katundu. Iwo amakhulupirira zimene aona."

"Ndiye auze aponyenso."

"Bambo saponya kawiri. Ndipo mnzako wa mapaipi wabwera kale m'mawa uno kudzakonza mpope umene sunawonongeke."

"Ndichite chiyani tsono?"

"Iwe si Kazembe? Werenga."

* * *

Sabata imeneyo a Kazembe sanaphunzitse munthu aliyense. Mnyamata wina wongofika kumene atawafunsa tanthauzo la kugwedeza mapewa, anayankha kuti, "Ukawafunse eni ake," ndipo nkhani inafala pakati pa anzawo kuti akudwala.

Sankadwala. Ankakonzekera. Akaweruka ku ntchito ankatseka chitseko cha chipinda chawo, kutseka ndi makatani omwe, n'kuyamba kuponya sokosi m'mwamba n'kumaziwakha. Poyamba thupi linkakana. Sokosi ikamabwera, manja ankathawira okha kumbuyo ngati a munthu amene akukana chiphuphu. Koma analimbikira. Pofika Lachisanu ankawakha ndi dzanja limodzi, ngakhale la kumanzere. Anadziyang'ana pa galasi n'kuvomereza kuti anthu ochepa kwambiri a msinkhu wawo angafike pamenepo.

Loweruka anatsuka mbale zawo zonse, zoyera zomwe, kuti manja akumbuke.

Lamlungu anavala jekete ndi tayi mwa chizolowezi. Atafika pa geti anaima. Khomo la kumaso linali pomwepo, lopakidwa utoto, ndi belu lake. Kumbali kunali kanjira kopapatiza kodutsa pa migolo ya zinyalala ndi chingwe choyanikira zovala. Anamasula tayi n'kuipinda m'thumba. Anadutsa kanjirako chammbali, malaya amkati a apongozi awo akuwapukuta kumaso.

Pa khomo la kuseri dzanja linakwera lokha kuti ligogode. Analibweza. Pakamwa panatseguka pokha kuti panene odi. Anapatseka. M'moyo wawo wonse anali asanalowepo m'nyumba ya munthu ngati wakuba. Anakankha chitseko.

Khitchini inali yaing'ono kuposa mmene ankaganizira. Bambo aja anali pa tebulo akusenda mbatata. Namagalasi anali pa chitofu. Wamapaipi anatsamira kabati, kapu yake yobenthuka ili m'manja. Onse atatu anatembenuka.

"Mwasochera, bwana," anatero Wamapaipi. "Balaza lili uko."

A Kazembe anavula jekete n'kuikoleka pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamwamba pa chipewa cha mwini nyumba. Anapinda manja a malaya. Mu sinki munali mapoto a m'mawa. Anatsegula madzi.

Madziwo anatuluka mwamphamvu, n'kumenya supuni, n'kuwathira pamimba ponse.

"Mpope umenewo ndinaukonza ndine," anatero Wamapaipi mokhutira.

Namagalasi anachotsa epuloni yake ya maluwa n'kuwaveka a Kazembe, n'kumanga kumbuyo. Pomanga anachedwa pang'ono kuchotsa manja. A Kazembe anawerenga, ndipo ulendo uno sanauze munthu.

Anatsuka. Poto woyamba, wachiwiri, chiwaya chimene chinapserera. Mpeni wa bambo aja unkangomveka pa mbatata. Mapoto otsukidwa anayamba kuunjikana pambali, akudontha madzi, chifukwa chopukutira panalibe. Kansalu kanali paphewa pa mwini wake, ndipo mwini wake ankayang'ana mbatata.

Zotsuka zitatha, a Kazembe sanapemphe. Anatembenuka n'kuima chilili, manja ali chitambasulire, akudontha madzi pansi. Anayang'ana bambo aja m'maso, monga ankaphunzitsira ena, ngakhale khosi linkafuna kugwa lokha.

Bambowo anamaliza kusenda mbatata imene inali m'manja. Anaiika m'madzi. Anatenga ina, n'kuiyang'ana mbali zonse, n'kuibweza. Anakanda khutu.

Kenako kansalu kanauluka.

A Kazembe anali atakonzeka kuwakha ndi dzanja limodzi, mwaluso, kuti Wamapaipi aone. Koma thupi lili ndi nzeru zake. Manja onse awiri anatuluka limodzi n'kukalandira kansaluko m'mwamba, ndipo bondo linapindika lokha, monga muja analeredwera. Anawakha mwa kuno, n'kulandira mwa kwawo.

Bambo aja anaona bondolo. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka pang'ono. Anaimirira, n'kutsegula kabati ya pamwamba pa sinki, n'kufufuza kumbuyo kwenikweni. Anatulutsa kapu yaikulu yakale, yofiirira m'kati chifukwa cha tiyi wa zaka zambiri, chogwirira chake chomatidwa ndi guluu. Anaithira tiyi n'kuikankhira kwa a Kazembe osayang'ana.

Namagalasi anatembenukira ku chitofu msanga n'kuyamba kutakasa poto amene sankafunika kutakasa.

"Inali ya amayi," ananong'ona Namagalasi, a Kazembe atamuyandikira.

A Kazembe anamwa chiimire. Tiyiyo anali wowawa, wopanda shuga, ndipo kapuyo inkanunkha kabati. Chibadwire anali asanamwepo chinthu chokoma chotero. Chala chaching'ono chinayamba kuimirira, iwo n'kuchibweza.

Khitchini ija, monga tanena, inali yaing'ono. Anthu anayi sankakwanamo. Bambo aja anayang'ana uku ndi uku, kenako anagwira Wamapaipi paphewa mwachikondi n'kumulozera ku balaza ndi chibwano.

"Kapumuleko," anatero. "Watopa nafe."

Anamuperekeza okha, n'kumukhazika pa mpando waukulu. Patapita kanthawi kunamveka kabati ya galasi ikutsegulidwa.

A Kazembe anasuzumira. Wamapaipi anali atakhala mowuma ngati munthu wodikira dokotala wa mano, kapu yagolide ili pa bondo, ndi kambale kake komwe.

"Tiyi akukoma, bwana mlendo?" anafunsa a Kazembe, akupukuta poto.

* * *

A Kazembe anali pa chiwaya chomaliza, akuimba kanyimbo chapansipansi, akuganiza mmene adzakonzere phunziro latsopano la ongofika kumene, lokhudza makomo a kuseri, pamene belu la khomo la kumaso linalira.

Namagalasi anapita kukatsegula. A Kazembe anamva mawu amene anawadziwa asanadziwe dzina lawo lomwe.

"Odi kuno! Ndi kuno kumene kuli mlongo wanga?"

Chiwaya chinatsala pang'ono kugwa.

Achemwali awo analowa atavala za kutchalitchi, duku lalikulu litamangidwa mokwera, chikwama atachigwira ndi manja awiri kutsogolo. Chinenero cha dzikolo sankachidziwa ngakhale liwu limodzi, ndipo sankaona chifukwa chochidziwira. Anali ndi maso. Anaona mpando wa pa chithunzi uja. Anaona mwamuna wina atakhalapo, ali ndi kapu yagolide. Namagalasi anawalozera sofa mwaulemu, koma iwo anali atamva kale kulira kwa ziwiya. Anadutsa balaza lonse osaima mpaka pa khomo la khitchini.

Pamenepo anapeza mwana wa mayi awo, amene anamulera ndi manja awo, atavala epuloni ya maluwa yonyowa pamimba, tayi ikulendewera m'thumba, sanza ili m'manja, pambali pake pali kapu yomata ndi guluu.

"Mayo ine," anatero motsitsa. Achemwaliwo akatsitsa mawu, kumudzi ngakhale nkhuku zinkalowa m'khola. "Ufumu uja ndi umenewu?"

"Achemwali, takulandirani. Si mmene mukuonera. Kunoko, amene ali pa mpando uja ndi amene waluza."

"Waluza."

"Eya. Wopambana ndine."

Achemwali anayang'ana epuloni. Anayang'ana chithaphwi cha madzi pansi. "Anakudyetsa chiyani mkaziyu?"

"Ndikufotokozerani zonse. Mungokhala kaye pa balaza, akupatseni tiyi, ndiye kuti, ayi, musakhale pa balaza. Kapena khalani. Dikirani ndiganize."

Bambo aja anali akuonerera zonsezi ali pa tebulo lawo. Mawu sanamve, koma nawonso anali ndi maso. Anaona mayi amene walowa m'nyumba koyamba, wakana sofa, wadutsa kapu zagolide osazicheukira, n'kubwera yekha molunjika kukhitchini. Anthu otere m'moyo wawo anakumana nawo ochepa. Nkhope yawo inawala monga sinawalirepo chimwalirireni mkazi wawo. Banja labwino, anaganiza. Onse ndi a pakhomo.

Anatsegula kabati n'kutulutsa kansalu katsopano, kosita, kamene kanali kasanagwirepo mbale.

A Kazembe anaona dzanja likubwerera m'mbuyo. Namagalasi, amene tsopano ankadziwa, anafuula kuti, "Bambo, ayi!" Koma bambo ake akaganiza zolandira munthu sabwezeka.

"Achemwali, wakhani!" anakuwa a Kazembe. "Chonde, wakhani!"

Manja a achemwali sanachoke pa chikwama. Kansalu kanauluka bwinobwino, kutambasuka m'mwamba, n'kukatera pamwamba penipeni pa duku la kutchalitchi, ngodya imodzi ikulendewera pa diso la kumanzere.

Ku balaza kunamveka kapu yagolide ikugwedera pa kambale kake. Wamapaipi anali akuseka mopanda mawu.

Achemwali sanachotse kansaluko. Anayang'ana mlongo wawo ndi diso limene linatsala.

"Iwe," anatero. "Vula chimenecho. Tenga jekete. Ukatsala m'nyumba muno, mlongo ulibe."

Bambo aja anali chimwetulire, akudikira kuti mlendo ayambe kupukuta. Namagalasi anaima pa khomo lina, maso ali pa mfundo ya epuloni imene anamanga yekha. Jekete inali pa msomali, mtunda wa dzanja limodzi.

A Kazembe, katswiri wa zizindikiro zonse za m'dziko lija, anayang'ana nkhope zitatuzo imodziimodzi. Kwa nthawi yoyamba anaziwerenga zonse molondola, ndipo sizinawathandize chilichonse.